Ndinayamba Kuphunzira Torno Magetsi Ali Ozimitsa

Shafiti ya chigayo chathu inadyeka m'mwezi wa June, nthawi imene anthu a kuno ku Angónia amakhala atamaliza kukolola ndipo matumba a chimanga amayamba kufika pachigayo dzuwa lisanatuluke. Inadyeka pamalo pamene pamakhala beringi, moti beringi yatsopano inkangolowa ndi dzanja n'kumagwedera, ndipo injini ikalira nyumba yonse inkanjenjemera mpaka malata kumasokosa. Kugula shafiti ina kukanafuna ulendo wa ku Tete, kutsika mapiri mpaka kukafika kumtsinje wa Zambezi, popanda chitsimikizo chakuti ndikaipeza ya muyeso womwewo. Mnzanga wina anandilozera kwa mmisiri wachikulire wa pa Ulongwe, choncho ndinaikulunga shafitiyo m'saka n'kukwera nayo chapa, minibasi ya kuno kwathu.

Mmisiriyo anayamba wawotcherera pamalo podyekapo kuti panenepe, anaisiya kuti izizire yokha, kenako anaimanga pa makina amene kuno timawatcha torno, potengera Chipwitikizi, amenenso abale athu a ku Dedza, kuseri kwa malire a Calómuè, amawatcha lathe. Pa makina amenewa chimene chimazungulira ndi chitsulo chosemedwacho, pamene mpeni umamangidwa molimba n'kumayendetsedwa pang'onopang'ono m'mbali mwake, kumapala mpaka chitsulocho chifike pa muyeso wofunika. Ndinaima chapatali ndikuyang'ana, ndipo chimene chinandigwira mtima si chitsulo chonyezimira chimene chinkatsala m'mbuyo mwa mpeni ayi, koma manja a munthuyo. Maso ake sanachoke pansonga ya mpeni, koma dzanja lamanzere linkapeza lokha gudumu lake, lamanja linkapeza lokha mpini wake, ili likupukusa ilo likukankha, monga mmene mayi amapezera mthiko ndi chipande m'khitchini mwake ngakhale kuli mdima. Dzuwa lisanapendeke shafiti inali itatha, ndipo beringi inalowa mothina monga inkachitira chigayocho chili chatsopano.

Nditalipira ndinafunsa kuti, "A mesitiri, kodi munthu wa msinkhu wanga angaphunzire ntchito imeneyi?" Anandiyang'ana kaye kumanja, osati kumaso, n'kuyankha kuti, "Angaphunzire, mwana wanga, ngati ali ndi mtima wodikira." Tinagwirizana kuti ndizibwera masiku atatu pa sabata ntchito ya chigayo ikachepa, ndizisesa ndi kuthira mafuta pa makina, iwo azindiphunzitsa. Tsiku loyamba ndinafika ndili ndi chiyembekezo choti ndisema chitsulo, koma iwo anapita pakhoma, anatsitsa swichi yaikulu, n'kunena kuti kwa masabata awiri ine ndizigwira makinawo m'mawa ntchito isanayambe, magetsi ali ozimitsa. Zinandiwawa, chifukwa ndinali nditasiya chigayo m'manja mwa mng'ono wanga ndipo ndinkalipira ulendo tsiku lililonse. Lero ndikulemba nkhaniyi chifukwa ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti masabata awiri amenewo ndiwo anandiphunzitsa torno, ndipo zonse zimene zinabwera pambuyo pake zinangomangidwa pamwamba pa maziko amenewo.

Anandiimika pakati pa makina n'kuyambira kumanzere. Kumeneko kuli bokosi lalikulu limene iwo amalitcha cabeçote, mutu wa makina, mmene muli magiya ndi shafiti yaikulu yobowoka pakati. Kumapeto kwa shafitiyo kumamangidwa bucha, chogwirira chitsulo cha nsagwada zitatu zimene zimatseka ndi kutsegula pamodzi munthu akapotoza kiyi. Kuchokera kumutuko kulowera kumanja kwagona njanji ziwiri zosalala, barramento, ndipo pa njanjizo pamayenda carro, ngolo yonyamula mpeni. Kumapeto kwenikweni kuli contraponto, chochirikiza chitsulo chachitali kuti chisagwedezeke. M'munsi mwa njanji, mbali ya woyendetsa, mwadutsa ndodo zitatu zazitali: ya mazinga ngati bawuti lalikulu imene amaitcha fuso, yosalala yokhala ndi kangalande imene amaitcha vara, ndi yachitatu imene ili ndi mpini woyatsira ndi kuzimitsira. Mayina onsewa ndi a Chipwitikizi chifukwa a mesitiri anaphunzira ntchito m'chilankhulo chimenecho, koma pofotokoza zimene chinthu chilichonse chimachita ankalankhula Chichewa chathu, ndipo ine mpaka lero carro ndimamuganizira ngati ngolo.

Pa ngoloyo ndi pamene pali ntchito yeniyeni ya manja, chifukwa pali magudumu atatu ndipo lililonse limayendetsa mpeni njira yakeyake. Gudumu lalikulu, limene lili m'munsi, limayendetsa ngolo yonse m'litali mwa njanji, kumanzere kulowera ku bucha kapena kumanja kulowera ku contraponto. Lachiwiri, limene lili pamwamba pang'ono moyang'anizana ndi mimba ya woyendetsa, limalowetsa mpeni m'chitsulo kapena kuutulutsa. Lachitatu ndi laling'ono, ndipo limayendetsa kangolo kapamwamba kamene kamatha kutembenuzidwa pa ngodya iliyonse posema nsonga zosongoka kapena kupinga m'mphepete. Kufotokoza zimenezi kumatenga mphindi ziwiri, ndipo munthu aliyense amagwedeza mutu kuti wamva. Koma kumva kwa mutu si kumva kwa dzanja. A mesitiri ankakhala pampando kumbuyo kwanga n'kumaitana mwadzidzidzi kuti, "Tuluka! Kumanja! Lowa! Kumanzere! Tuluka!" ndipo ine ndinkayenera kupukusa gudumu loyenera, mbali yoyenera, popanda kuyang'ana pansi. Masiku oyambirira ndinkalakwitsa kawirikawiri: akati tuluka ine ndinkalowa, akati kumanja dzanja langa linkaima kaye kudikira kuti mutu uganize. Pa makina athu, pamwamba pa gudumu lalikulu pakalowera kumanja ngolo imapitanso kumanja, ndipo gudumu lachiwiri likapukusidwa mmene imayendera mivi ya wotchi mpeni umalowa, likabwezedwa umatuluka. Pofika sabata yachiwiri anandiuza kuti nditsinzine, ndipo anamanga kachidutswa ka nsungwi mu bucha ndi choko pamalo pa mpeni, kuti chilichonse chimene ndalakwitsa chizisiya chizindikiro.

Ndinazindikira patapita nthawi kuti mwa mawu onse amene ankaitana, amene ankabwera kawirikawiri anali akuti tuluka. Nditawafunsa chifukwa chake anati, "Mwana wanga, kulowa aliyense amalowa. Tsiku limene makina adzakudzidzimutse, dzanja lako lidzachita chimene linazolowera, ndiye ine ndikufuna lizolowere kutuluka." Mawu amenewa ndi oona m'njira yeniyeni ya ntchitoyi: mpeni ukakodwa, chitsulo chikayamba kulira mwachilendo, ngolo ikayandikira nsagwada za bucha, nthawi imene munthu ali nayo ndi yochepa kuposa nthawi imene mutu umatenga kuti ukumbukire kuti kubweza ndi mbali iti.

Kumbuyo kwa gudumu lachiwiri ndi lachitatu kuli mphete yolembedwa timizere ndi manambala, ndipo pamenepa ndi pamene ndinakhalitsa kwambiri. Pa makina athu kamzere kalikonse kamaimira mamilimita 0.02, ndipo mpheteyo imatha kumasulidwa n'kuikidwa pa ziro popanda kusuntha mpeni. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pakati pa bawuti loyendetsa kangolo ndi nati yake pamakhala mpata, umene amisiri amautcha folga, ndipo makina akamakalamba mpatawo umakula. Anandionetsa motere: ndinalowetsa mpeni mpaka unakhudza chitsulo, ndinaika mphete pa ziro, kenako ndinayamba kubweza gudumu pang'onopang'ono chala changa chili pa kangolo. Mphete inadutsa timizere khumi ndi tiwiri kangolo kasanasunthe ngakhale pang'ono. Tanthauzo lake n'lakuti manambala amanena zoona pokhapokha munthu akamawafika kuchokera mbali imodzi nthawi zonse. Ukapitirira nambala imene umafuna, sungangobweza timizere tiwiri n'kuganiza kuti wakonza, chifukwa mphete yabwerera koma mpeni udakali pomwe unafika. Umabweza gudumu kuzungulira kwathunthu, n'kuyambiranso kulowa mpaka ufike pa nambalayo. Folga si chilema choti munthu akwiye nacho, chifukwa ngakhale makina atsopano ali nayo pang'ono, apo ayi bawutilo silingazungulire. Chofunika n'kuidziwa kukula kwake pa makina amene ukugwiritsa ntchito.

Phunziro lina la mphete yomweyo ndinaliphunzira magetsi atayatsidwa, ndipo linandidyera chitsulo. Anandipatsa kachidutswa koti ndiseme kafike mamilimita 30, muyeso wa bowo la beringi ya 6206. Nditapala kangapo ndinayeza ndi paquímetro, chipangizo choyezera kunenepa kwa chitsulo, n'kupeza 30.40, ndipo ndinawerengera kuti kwatsala 0.40, amene ndi timizere 20. Ndinalowetsa timizere 20 ndendende, mosamala, kuchokera mbali yoyenera, koma nditayezanso ndinapeza 29.60. Ndinaima chilili osamvetsa, mpaka a mesitiri anatenga choko n'kujambula mkombero pansi. "Mpeni waima mbali imodzi," anatero, "koma chitsulo chikuzungulira, ndiye umadya mbali zonse ziwiri." Mpeni ukalowa theka la milimita, kunenepa kwa chitsulo kumachepa ndi milimita yathunthu. Ndinkayenera kulowetsa timizere 10. Anandichenjezanso kuti pa makina ena mphete inalembedwa kale mowerengera kunenepa kwa chitsulo, moti nambala imene ukuona ndi imene ichoke, ndipo njira yokha yodziwira ndi kupala pang'ono, kuyeza, kulowetsa timizere todziwika, kupalanso ndi kuyezanso. Chitsulo chimene wachichepetsa sichibwerera, pokhapokha uchiwotcherere n'kuyambiranso, ndipo nthawi zambiri chitsulocho si chako, ndi cha munthu amene waima pakhomo kudikira.

Asanandilole kugwira mpini woyatsira anandiphunzitsa kuzimitsa. Mpiniwo ukakhala pakati makina aima, ukakankhidwira mbali imodzi bucha imazungulira molowera kwa woyendetsa, mbali inayo imabwerera m'mbuyo, ndipo pansi pali chitsulo chachitali chopondapo ndi phazi chimene chimadula magetsi ndi kugwira buleki nthawi imodzi. Ndinachiponda maulendo osawerengeka mpaka phazi linadziwa pamene chili. Lamulo la kiyi wa bucha nalo linali losakambirana: dzanja limene lalowetsa kiyi silichoka pa kiyiyo mpaka atatuluka, ngakhale munthu akuitane kapena foni ilire, chifukwa kiyi woiwalika mu bucha amaponyedwa ndi mphamvu yonse ya mota, ndipo woyamba kukumana naye ndi amene wayatsa. Malaya a manja aatali amapindidwa, mphete ya pachala ndi wotchi zimavulidwa, magalasi oteteza maso amavalidwa, koma magolovesi savalidwa konse. Izi zinandidabwitsa, popeza powotcherera timavala, koma chitsulo chozungulira chikagwira nsalu kapena chikopa chimakoka ndi dzanja lomwe. Zinyenyeswa zazitali zimene zimapotana ngati waya n'zakuthwa ngati lumo, ndipo zimachotsedwa ndi kangowe makina ataima. Ndisanayatse, nthawi iliyonse ndimazunguza bucha ndi dzanja kamodzi kuti ndione ngati nsagwada sizigunda ngolo.

Pa mutu wa makina pali mipini yosinthira liwiro, ndi kachitsulo kolembedwa manambala osonyeza kuti mipiniyo ikakhala mwakutimwakuti bucha imazungulira kangati pa mphindi imodzi. Mipini imeneyi sigwiridwa makina akuyenda, chifukwa mano a magiya amathyoka, ndipo ikakana kulowa suikakamiza, umangogwedeza bucha ndi dzanja mpaka mano akumane. Kusankha liwiro si nkhani yongoganizira. Mpeni wamba wachitsulo cholimba, umene umanoledwa pa mwala, umapirira posema chitsulo chofewa ngati khungu la chitsulocho likudutsa pansonga yake pafupifupi mamita 30 pa mphindi. A mesitiri anandipatsa njira yachidule yowerengera: tenga nambala imeneyo, uchulukitse ndi 320, ugawe ndi kunenepa kwa chitsulo m'mamilimita. Chitsulo cha mamilimita 50 chimafuna kuzungulira pafupifupi ka 190 pa mphindi, cha mamilimita 20 pafupifupi ka 480, ndipo cha mamilimita 100 sichifika n'komwe pa 100. Nambala yeniyeniyo kawirikawiri sipezeka pa kachitsulo kaja, choncho umasankha yoyandikira ya m'munsi mwake. Mipeni ya kabaidi, timano tija tomangidwa ndi kabawuti, imapirira liwiro loposa pamenepo katatu kapena kupitirira, koma imabenthuka msanga ikagundidwa ndipo ndi yodula, n'chifukwa chake wophunzira amayamba ndi mpeni wonola yekha. Pambuyo pa masamu pamabwera maso ndi makutu. Zinyenyeswa zikayamba kutuluka zabuluu pansi pa mpeni wamba ndiye kuti kwatentha ndipo nsonga ipsa posachedwa. Chitsulo chikamalira mokweza n'kumasiya timizere ta mafunde ndiye kuti chikunjenjemera, mwina chifukwa chatuluka kwambiri mu bucha popanda chochirikiza.

Pali mipini iwiri pa ngolo imene ndikufuna kuikamba mwapadera, chifukwa imaoneka ngati ya pachibale koma ntchito zake n'zotalikirana. Woyamba umalumikiza ngolo ndi vara, kuti mpeni uziyenda wokha pang'onopang'ono, mwachitsanzo mamilimita 0.15 pa kuzungulira kulikonse kwa bucha, ndipo ndi umene umapangitsa chitsulo kutuluka chosalala mofanana, zimene dzanja silingakwanitse pa mtunda wautali. Wachiwiri umatseka nati yogawika pakati kuti ilume fuso, ndipo umagwiritsidwa ntchito posema mazinga pokha. Ngati magiya aikidwa pa mazinga a bawuti la M20, lonenepa mamilimita 20, ngolo imayenda mamilimita 2.5 pa kuzungulira kulikonse, kuposa kuyenda kwamba kuja maulendo oposa 16. Munthu amene wagwira mpini wachiwiri akuganiza kuti ndi woyamba amangoona ngolo ikuthamangira ku bucha. Makina ambiri ali ndi chotchinga choletsa kuti mipini iwiriyi ilowe nthawi imodzi, koma chotchingacho sichingadziwe kuti iwe umafuna uti. N'chifukwa chake m'masabata awiri aja ndinkaigwiranso nditatsinzina, mpaka chikhatho chinadziwa kusiyana kwa mitu yake ndi mmene uliwonse umaloweramo.

Tsiku lina ndikusema chitsulo, ngolo ikuyenda yokha, magetsi anangothima. M'nyumbamo munachita mdima ndipo phokoso la mota linayamba kutsika. Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse, koma pamene bucha inkaima ndinapeza kuti mpeni ndautulutsa kale, mpini wa vara ndaumasula, ndipo mpini woyatsira ndaubwezera pakati. Izi n'zofunika pa zifukwa ziwiri: bucha ikaima mpeni uli m'kati mwa chitsulo nsonga imatha kubenthuka, komanso pa makina akale amene alibe chotetezera, magetsi akabwera mpini uli woyatsa makinawo amadzuka okha, mwina munthu ataweramira pa bucha. A mesitiri anabwera ndi tochi, anaunika pa mpeni, anaunika pa mipini, ndipo anapita kukatsitsa swichi yaikulu osanena kanthu. Tsiku limenelo ndi limene ndinasiya kudandaula mumtima za masabata awiri aja.

Kusema mazinga ndi kumene kumasonkhanitsa zonsezi pamodzi, ndipo ndi ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse. Luso loyendetsa mpeni ndi bawuti lalitali lolumikizidwa ku bucha kudzera m'magiya osinthika linakhazikika cha m'ma 1800 ku London, m'manja mwa mmisiri Henry Maudslay, ndipo linachititsa kuti mabawuti aziti akasemedwa ambiri azifanana. Mu 1841 Joseph Whitworth, amene anagwirapo ntchito kwa Maudslay, anakonza muyeso umodzi wa mazinga wa ngodya ya madigiri 55, wowerengedwa pa inchi. Mazinga a mamilimita, amene timawadziwa ndi chilembo cha M, ali ndi ngodya ya madigiri 60. Mbiri imeneyi kwa ife a m'malire si nkhani ya m'mabuku chabe, chifukwa pakhomo pa oficina, malo athu ogwirira ntchito, pamafika zonse ziwiri: makina a miyeso ya mamilimita, makina akale a mainchi amene ena analowera ku Malawi, ndi mapaipi a madzi amene mpaka lero mazinga ake ndi a ngodya ya Whitworth. Bawuti la mtundu wina limatha kulowa mu nati ya mtundu wina kuzungulira kuwiri kapena kutatu kenako n'kukana, ndipo wolikakamiza amawononga zonse ziwiri. Kuti makina a fuso wa mainchi aseme mazinga a mamilimita molondola pamafunika giya la mano 127, chifukwa inchi ndi mamilimita 25.4, ndipo nambala imeneyi ukaichulukitsa ndi 5 imakwana 127.

Pa ntchito yotereyi nati yogawika ija ikatsekedwa simasulidwa mpaka mazinga atatha, apo ayi mpeni sungabwerere mu ngalande yomweyo. Ndiye mpeni ukafika kumapeto kwa mazinga, dzanja limodzi limautulutsa msanga pamene linalo likuimitsa bucha ndi kuibweza m'mbuyo, ngolo imabwerera poyambira, umalowetsa mpeni kupitirira pang'ono nambala ya poyamba, kuchokera mbali yoyenera chifukwa cha folga, n'kuyambanso. Mazinga a M20 amazama pafupifupi mamilimita 1.5, ndipo kuzama kumeneku kumatengedwa pang'onopang'ono, maulendo ambiri, kudya kukucheperachepera pamene ngalande ikukula. Ngakhale bucha izizungulira ka 60 kokha pa mphindi, ngolo imayenda mamilimita 2.5 pa sekondi iliyonse, ndipo ngati kutsogolo kuli phewa la shafiti, nthawi yotulutsira mpeni ndi sekondi imodzi kapena ziwiri. Apa ndi pamene mawu aja akuti tuluka amagwira ntchito yake. Maso amakhala pansonga ya mpeni, ndipo manja amayenera kudziwa okha kumene akupita.

Za contraponto sindichulukitsa. Ali ndi mpini womumangira pa njanji, gudumu lotulutsira mphuno yake, ndi kampini komangira mphunoyo; m'mphunomo mumalowa nsonga ya madigiri 60 yochirikiza chitsulo kapena chogwirira zobowolera, ndipo a mesitiri salola chitsulo kutuluka mu bucha kupitirira katatu kunenepa kwake popanda kuchichirikiza. Nsonga yomweyo ndi imene timayezera msinkhu wa mpeni, umene uyenera kukhala pakatikati penipeni pa chitsulo. Mpeni ukatsika, posalaza kumaso kwa chitsulo pamatsala kamchombo pakati. Ukakwera, umakhula m'malo modula.

Achinyamata ambiri masiku ano amaonera ntchito imeneyi pa YouTube, ndipo ine sindikutsutsa, chifukwa nanenso ndaphunzirako zambiri za kanoledwe ka mipeni. Chimene ndimakana n'chakuti munthu aziganiza kuti popeza waona wina akusema ndiye kuti makina akuwadziwa. Makina amasiyana. Pa ena gudumu lalikulu lili kumanzere kwa ngolo, pa ena lili kumanja; pa ena mpini wa vara umakwezedwa, pa ena umatsitsidwa; timizere ta pamphete timatha kukhala 0.02, 0.05, kapena magawo a inchi. Ngakhale mbali imene bucha imazungulirira ingasinthe ngati amene analumikiza mota anasinthanitsa mawaya awiri mwa atatu a magetsi. Nditapita ku Moatize kukaona mbale wanga, ndinalowa mu oficina ina n'kupeza torno wamkulu kuposa wathu, ndipo mwini wake atamva kuti ndikuphunzira anandiuza kuti ndiyeseko. Ndinamupempha kuti ayambe wazimitsa, ndipo ndinatenga nthawi ndikupukusa gudumu lililonse, kuyeza folga ndi chala, kufunafuna chopondera buleki. Ndinapeza kuti mphete yake inali yowerengera kunenepa kwa chitsulo, mosiyana ndi yathu. Ndikanayamba ndi kusema, ndikanachotsa theka lokha la zimene ndimafuna, ndipo pobwerera kwathu ndi chizolowezi chimenecho ndikanachotsa kuwirikiza kawiri.

Ntchito yoyamba ya kasitomala imene anandipatsa kuti ndigwire ndekha inali shafiti ya makina otonolera chimanga, yochokera cha ku Dómuè, yodyeka pamalo a beringi monga inachitira yathu ija. Iwo anawotcherera, ine ndinamanga mu bucha, ndinachirikiza ndi contraponto, ndinasankha liwiro lotsika chifukwa powotcherera pamakhala pokhakhala ndi polimba, ndipo ndinapala mpaka 30.30. Pamenepo ndinaima n'kudikira kuti chitsulo chizizire, popeza chitsulo chotentha chimafufuma, ndipo pa kunenepa kwa mamilimita 30, kutentha kwa madigiri 40 okha kumawonjezera kupitirira gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita, pamene beringi kuti igwire bwino imafuna kuti shafiti ipose bowo lake ndi kamuyeso kotero komweko. Chitazizira ndinayeza ndi micrómetro, choyezera cholondola kuposa paquímetro, ndinalowetsa timizere 5, ndinapala, ndinayeza, ndinalowetsa timizere 2, ndinapalanso, ndipo kotsalako ndinasalaza ndi sandipepa yosalala. Micrómetro inawerenga 30.01. Beringi inakana kulowa ndi dzanja, koma inalowa bwinobwino titaigogoda ndi kachidutswa ka paipi pa mkombero wake wam'kati. A mesitiri anaizunguza ndi chala, anamvetsera, n'kupereka shafitiyo kwa mwini wake. Madzulo ndikusesa anandiuza kuti Lolemba ndidzafike m'mamawa, tidzamasule bucha ya nsagwada zitatu n'kumanga ya nsagwada zinayi, imene nsagwada iliyonse imayenda payokha ndipo chitsulo chimaikidwa pakati ndi dzanja, ndipo anawonjezera kuti swichi yaikulu idzakhala yotsitsa.